Matumba Asanu a Repu: Kuwerenga Nthano ya Kudzidalira m'Mafulati a Lusaka

Tsiku lina titakomboka, mtsikana wina amene ndimaphunzitsa m'giredi 11 anandipeza pa siteshoni ya basi n'kundipatsa foni yake. "Ba Madamu, onani. Mzimai uyu akamba kuti sagula ndiwo caka conse, ndipo akhala pa fulati." Vidiyo yake inali ya mphindi imodzi ndi theka. Munali veranda yosesedwa bwino, matumba oimikidwa pamzere, repu wobiriwira, matimati ofiira ngati ocita kupaka utoto, ndi kanyimbo kozizira pansi pake. Itatha, mtsikana uja anafunsa funso limene landilembetsa nkhani ino. Anati, "Nanga n'cifukwa ciani amai anga akali kugula repu pa kantemba tsiku lililonse? Kodi ndi ulesi?"

Amai ake ndimawadziwa. Amacapa zovala m'nyumba zitatu za kuno ku Woodlands, ndipo amayenda pansi kucokera ku Bauleni. Vidiyo imene ingacititse mwana kuganizira amai otere ulesi iyenera kuwerengedwa mosamala, monga mmene timawerengera buku m'kalasi.

Mavidiyo a dimba la pa veranda acuruka pa Facebook, TikTok ndi YouTube, ndipo onse amasimba nthano imodzi. Poyamba pamakhala munthu wolema ndi mitengo ya ku msika. Kenaka amapeza nzeru: thumba la unga lakale, dothi lakuda, manyowa a nkhuku, mbeu zocepa. Pakati pa nthano pamabwera kabvuto kakang'ono, kambiri nsabwe za m'masamba, zimene amazigonjetsa ndi madzi a sopo kapena a mphiripiri. Mapeto ake ndi mbale yodzala masamba ndi mau akuti kudzidalira. Munthu wa m'nthanoyi amaoneka yekha pa kamera. Alibe mwini nyumba, alibe mnansi, madzi ake sathima, ndipo dzuwa la Okutobala silifika pa veranda pake.

Ndiyambe ndi zabwino zake, pakuti zilipo. Njira imene amaphunzitsa imagwira nchito. Ukaika mzati wa timiyala pakati pa thumba, madzi amatsika mpaka pansi ndi kufika ku mizu yonse. Ukaboola m'mbali mwa thumba, malo amene akanakwana mbande zinai amakwana khumi ndi zisanu. Repu amayamba kuthyoledwa patapita milungu inai kapena isanu ukamuokera, ndipo ukamathyola masamba a kunsi okha, amapitiriza kuphuka kwa miyezi ingapo. Mavidiyowa acotsanso manyazi pa khasu. Acinyamata a m'tauni amene kale anali kuona ulimi ngati cilango ca ku sukulu tsopano amajambulitsa atagwira dothi. Zimenezi sindizipeputsa. Cimene ndikangana naco ndi mau aakulu amene amaikidwa pamwamba pa matumba ang'onowa.

Mauwa ali ndi makolo ake. Ambiri a mavidiyowa amatengera a ku America, kumene moyo wotere amauchula ndi liu la Cingerezi lakuti homesteading. Liuli linachuka ndi lamulo la Homestead Act limene Abraham Lincoln anasaina mu 1862. Lamuloli linali kupatsa munthu maekala 160, pafupifupi mahekitala 65, malinga akhalepo ndi kulimapo kwa zaka zisanu. Malowo sanali opanda eni: anali a mitundu ya anthu amene Azungu anawapeza kumeneko n'kuwathamangitsa. Conco kucokera pa ciyambi, nthano ya munthu wodzidalira inali ndi wina amene anacotsedwa pa cithunzi kuti cioneke bwino.

Buku limene limaonedwa ngati gogo wa nkhani zonsezi ndi Walden la Henry David Thoreau, limene linatuluka mu 1854. Thoreau anamanga kanyumba m'mbali mwa dziwe la Walden, pafupi ndi tauni ya Concord ku Massachusetts, n'kukhalamo kucokera pa 4 Julaye 1845 mpaka mu Seputembala 1847. Malowo anali a mnzake Ralph Waldo Emerson, motero nkhani ya lendi panalibe. Tauni inali pafupi, mtunda woyenda pansi, ndipo anali kupitako kawirikawiri. Anthu ambiri amamuseka pa zimenezi. Ine ndimamupatsa ulemu pa cinthu cimodzi: analemba maakaunti. M'bukumo anaonetsa ndalama zimene anagulira matabwa ndi misomali, zimene analipira munthu womulimira munda wa nyemba, ndi zimene anagulira mpunga, ufa ndi mcere. Wowerenga angatenge pensulo n'kutsutsana naye. Mavidiyo athu anatenga maloto a Thoreau n'kusiya maakaunti ake.

M'zaka zaposacedwapa nthanoyi inalowa m'tauni. Mu 2008 Kelly Coyne ndi Erik Knutzen a ku Los Angeles anatulutsa buku lochedwa The Urban Homestead. Ku Pasadena, m'boma lomwelo la California, banja la Jules Dervaes linachuka cifukwa cokolola matani oposa awiri a masamba ndi zipatso pa caka, pa dimba la masikweya mita pafupifupi 400. Banjali linafika polembetsa mau akuti urban homestead kukhala cizindikiro cao ca malonda, ndipo mu 2011 linatumiza makalata oletsa ena kuwagwiritsa nchito. Pali mfundo ziwiri pamenepa. Yoyamba, kudzidalira kunali kutasanduka katundu wogulitsa. Yaciwiri ndi kukula kwa malo. Veranda yanga ndi mamita awiri m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi, kutanthauza masikweya mita atatu. Dimba la ku Pasadena lija lingameze maveranda onga yanga oposa 130.

Popeza ndadzudzula ena posaonetsa maakaunti, nawa anga. Ndikhala m'kafulati ka zipinda ziwiri, kamodzi mwa tinai timene tinamangidwa kumbuyo kwa nyumba yaikulu muno mu Woodlands. Bwalo lonse ndi la simenti. Caka catha ndinaimika matumba asanu: atatu a repu, limodzi la anyezi, limodzi la matimati. Dothi lakuda, manyowa, mbande ndi mankhwala zinandidyera K420. M'miyezi inai ndinathyola repu wokwana timitolo 38, ndipo pa mtengo wa K5 umene ndinali kugulira pa kantemba, imeneyo ndi K190. Anyezi anatipatsa masamba okometsera ndiwo. Matimati anadyedwa ndi kambozi kochedwa Tuta absoluta, kamene kanafika m'Zambia mu 2016 ndipo kamabisala mkati mwa tsamba momwe sopo safika. Ndinakolola matimati asanu ndi awiri. Ulendo woyamba unali wa kuluza. Waciwiri unayenda bwinoko cifukwa dothi ndi matumba zinalipo kale. Phindu lenileni ndinaliona pa 25 mpaka pa 30 mwezi uliwonse, pamene m'cikwama muli zii koma nsima ili ndi cotsatira.

Nsimayo ndiyo imagwetsa nthano yonse. Mu Lusaka munthu sanena kuti wadya ngati sanadye nsima, ndipo palibe vidiyo imene imaonetsa cimanga pa veranda. Tiyeni tiwerenge. Pa nyumba yathu tili atatu, ndipo thumba la unga la makilogalamu 25 limatha mwezi umodzi. Pa caka ndi makilogalamu 300. Mlimi wamng'ono akakolola matani awiri pa hekitala, caka cimeneco camuyendera. Matani awiri pa hekitala ndi magalamu 200 pa sikweya mita imodzi. Kuti tipeze makilogalamu 300 tifunika masikweya mita 1,500, kuposa theka la lima, muyeso uja wa mamita 50 mbali zonse umene boma la Kaunda linaphunzitsa alimi. Veranda yanga yonse, nditacotsapo mpando ndi mbaula, ingatipatse magalamu 600, nsima ya tsiku limodzi yosakhuta. Ndifunika maveranda 500. Sitinachule saladi, shuga, mcere, kapenta ndi malasha. Munthu wa pa fulati angadzithandize pa ndiwo zamasamba. Kupitirira pamenepo, amene akuuzani kuti adzidalira pali cimene sanakuonetseni.

Cinanso cosaoneka pa kamera ndi madzi. M'nyengo yotentha matumba anga asanu anali kumwa cidebe ca malita 20 tsiku lililonse, cifukwa dothi la m'thumba limauma msanga kuposa la pansi. Madzi a mu Lusaka amacokera ku mtsinje wa Kafue ndi m'zitsime zakuya, ndipo onse amakokedwa ndi mapampu a magetsi. Tonse tikumbukira 2024. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi citapserera. Madzi anatsika ku Kariba, magetsi anayamba kuthima mbali yaikulu ya tsiku, ndipo pampu ya pa yadi pathu inali kugona limodzi ndi magetsiwo. Pa masiku otere cidebe cimodzi cimakhala ndi ofunsira atatu: mphika, bafa ndi cimbudzi. Repu amabwera pa nambala 4.

Kwa owerenga a m'komboni nkhani ya madzi ndi yolemera kuposa apa. Mumagula pa kiyosiki, cigubu ndi cigubu, ndipo wosenza ndi mwana wamkazi. Madzi a m'zitsime zosaya ndi aulere koma ndi oopsa, cifukwa pansi pa Lusaka pali miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo zocokera m'zimbudzi zokumba zimadutsamo mosabvuta. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inacititsa kuti bwalo la Heroes Stadium lisanduke cipatala, ndipo masukulu sanatsegule mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Vidiyo imene imauza mwana wa ku Kanyama kuti athirire masamba popanda kuchula kumene madziwo acokera yasiya mutu wofunika kwambiri wa phunziro.

Palinso mwini nyumba. Munthu wa pa lendi sakumba pansi popanda kupempha. Ine ndinauzidwa kuti matumba adetsa simenti ndipo aitana udzudzu, ndipo ndinacita kucondelera kuti akhale. Funso la amene aloledwa kulima mu Lusaka ndi lakale ngati mzinda womwewu. Pulani ya Profesa Stanley Adshead ya mu 1931 inatengera maganizo a Ebenezer Howard a mzinda wa maluwa ndi mitengo, ndipo likulu linasamukira kuno kucoka ku Livingstone mu 1935. Mayadi aakulu okhala ndi kapinga ndi mitengo ya jakaranda anali a Azungu. Anthu akuda anaonedwa ngati anchito odutsa cabe, ndipo anaikidwa m'tinyumba tozungulira tonga tija tatsala ku Kabwata Cultural Village, kapena m'kanyumba ka wanchito kumbuyo kwa yadi. Kafulati kanga kaima pamene panali kanyumba kotero. Lero mayadi a Woodlands ndi Kabulonga agawidwa, ndipo pamene panali mitengo ya mapeyala pali mafulati ndi malo oimika magalimoto. Dimba la m'thumba linabadwa cifukwa dothi linatsekedwa ndi simenti, koma mavidiyo amalionetsa ngati cisankho ca munthu wanzeru.

Colakwa cacikulu ca nthanoyi, kwa ine, ndi kukamba ngati kulima m'tauni ndi nzeru yatsopano yocokera pa intaneti. Wofufuza wina, Bishwapriya Sanyal, anayenda m'makomboni a Lusaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo m'zimene anafalitsa mu 1985 anaonetsa kuti mabanja oposa theka a anthu osauka anali kulima, ena pa khomo, ena pa malo opanda nyumba kunja kwa komboni. Carole Rakodi, polemba za Zambia mu 1988, anaonetsa kuti nchito yaikulu inali m'manja mwa azimai. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi munda wake. Unga utakwera mtengo, anthu anacita zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi muno mu Lusaka mu Juni 1990. M'zaka zonsezo mabanja ambiri anapulumukira pa timinda ta mvula ta m'mbali mwa miseu, pansi pa mawaya a magetsi ndi m'madambo.

Amai anga anali mmodzi wa azimai amenewo. Ndinakulira ku Mtendere, ndipo mvula ikagwa tinali kudzuka m'mbandakuca kupita ku kamunda cakumtunda kwa Ibex Hill. Munali cimanga, maungu, nyemba ndi kandolo m'mizere imodzimodzi. Cibwabwa tinali kudya mpaka kutopa naco, cotsala amai anali kufutsa n'kuyanika pa denga kuti tidye mu Seputembala. Caka cina tinapeza cimanga conse cathethedwa cili pafupi kubereka. Anati cimasunga udzudzu ndi akawalala. Amai anatola mapesi osalankhula, ndipo caka cotsatira anabyalanso pomwepo. Malowo lero ali mkati mwa mpanda wa njerwa. Palibe amene anawajambula, palibe amene anawachula odzidalira. Dzina limene anapatsidwa linali la ophwanya lamulo. Nchito yomweyo ikacitidwa ndi munthu wa foni yodula pa veranda ya matailosi, imalandira zala zikwi zambiri zoloza kumwamba.

Pali munthu winanso amene sindinamuonepo m'vidiyo iliyonse: wacibale wa kumudzi. Ambiri a ife tidziwa ulendo wa ku Intercity kukalandira thumba. Langa limacokera ku Katete kwa azakhali anga, ca mu Juni: cimanga, nshawa, mfutso, nthawi zina nkhuku m'katoni. Ine ndimatumiza ya feteleza mu Okutobala ndi ya yunifomu ya ana ao mu Januwale. Pa yadi pathu, mnansi wanga amandithiririra matumba ndikapita kukaconga mayeso, ndipo amathyola repu osapempha. Ine ndimasunga nyama m'firiji mwake. Friji yanga ndinaigula ndi ndalama ya cilimba ca aphunzitsi anzanga, koma inafa ndi kuthimathima kwa magetsi. Akuluakulu anati kupatsa ndi kuika. Umu ndi mmene anthu a mu Lusaka amadyera, ndipo liu lake m'cinenero cathu ndi kudalirana. Nthano ya kudzidalira imadula ulusi wonsewu kuti patsale munthu mmodzi woyenera kuomberedwa m'manja, ndipo amene walephera amatsala yekha ndi mlandu wake. Apa ndi pamene panacokera funso la mwana wa sukulu uja.

Amene afuna kuona moyo wa pa fulati wolembedwa moona mtima awerenge Patchwork la Ellen Banda-Aaku, limene linapambana mphoto ya Penguin Prize for African Writing mu 2010 n'kutuluka mu 2011. Si buku la ulimi. Limayamba mu Lusaka wa mu 1978, pa mafulati a Tudu Court, pamene Pumpkin, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinai, amakhala ndi amai ake okonda mowa ndipo amayesetsa kubisa zimenezi kwa anansi. Pambuyo pake atate ake olemera amamutenga kupita naye ku famu kwao, kumene kuli cakudya cambiri koma kuli mkazi wao wamkulu amene samufuna. Ndalichula cifukwa limadziwa zinthu ziwiri zimene mavidiyo aja sadziwa. Limadziwa kuti pa fulati cimene cioneka pakhomo cimasiyana ndi cimene cili kuseri kwa katani, ndipo limatsegula kataniyo. Limadziwanso kuti kukhala ndi dothi sikuthetsa funso la amene ali ndi mphamvu pa nyumba. Banda-Aaku amalola owerenga kuona anansi, agogo, anchito ndi ndalama ya bambo imene imabwera ndi kupita. Munthu wake wamkulu sakhala yekha pa tsamba ngakhale pamene ali wosungulumwa.

Izi ndizo ndipempha kwa inu amene mumatumiza ndakatulo ndi nkhani zazifupi ku magazini ino. Zambiri zimene ndimawerenga m'Cinyanja zikali kugawa dziko pawiri: kumudzi kuli nkhokwe ndi ulemu, m'tauni muli njala ndi ucimo. Koma inu munakulira pakati pa ziwirizi. Mudziwa cibwabwa coyanga pa mpanda wa malata ku Chawama, nkhuku za broila zosungidwa m'cipinda cogona ku Chelstone, mkangano wa anansi pa mtengo wa mapapaya umene mizu yake ili uku ndipo zipatso zikugwera uko, agogo amene anabyala delele m'beseni lobooka pa mafulati a Kabwata. M'zimenezi muli anthu, ngongole, nsanje ndi cisoni, zonse zimene nkhani ifuna. Mukalemba, ikanimo mtengo wa cigubu ca madzi ndi dzina la amene anacisenza.

Mtsikana uja ndinamuyankha mawa lake. Tinakhala pansi ndi pepala n'kuwerenga maola amene amai ake amathera pa mseu ndi pa beseni, malita a madzi amene banja lao limagula pa tsiku, ndi malo amene ali pakhomo pao, amene ndi kanjira kopita ku cimbudzi ca mabanja asanu. Atamaliza kuonkhetsa anakhala cete kwa kanthawi. Kenaka anafunsa ngati thumba limodzi lingakwane pambali pa citseko, ndi ngati madzi otsukuluzira zovala angathirire. Ndinamuuza kuti thumba limodzi likwana, ndi kuti madzi omaliza kutsukuluzira, opanda jiki ndi sopo wambiri, angathiridwe pa dothi koma osati pa masamba. Ndinamupatsa mbande khumi za repu zocokera pa veranda panga, zokulungidwa m'nyuzipepala yonyowa. Patapita milungu isanu ndi umodzi anandibweretsera kamtolo kamodzi, n'kunena kuti amai ake ndiwo amathirira m'mamawa asanapite ku nchito, ndipo anamuonetsa kuti anaokera mbandezo mothithikana kwambiri.